Bowo mu virglrenderer: kodi VM yoyatsa 3D ingadaliridwe poyesera mafayilo okayikitsa?

kalulu404
Moni nonse. Ndimagwiritsa ntchito QEMU ndi virt-manager (mapulogalamu oyendetsera ma VM) pa laputopu ya Linux, ndipo ndili ndi VM imodzi (kompyuta yoyerekeza yoyenda mkati mwa kompyuta yeniyeni) yomwe ntchito yake ndi kutsegulira zinthu zomwe sindikuzikhulupirira: ma PDF obwera pa imelo, timapulogalamu tomwe anzanga amanditumizira kuti ndiwaonere ngati tili ndi vayirasi, zoterozo. Mu VM imeneyi ndinayatsa 3D chifukwa popanda iyo desktop imachita kukwawa.

Ndiye powerenga zomwe zinalembedwa pa ma update ndakumana ndi dzina loti virglrenderer, lili ndi ma CVE awiri (manambala a mabowo a chitetezo), CVE-2022-0135 ndi CVE-2022-0175. Yachiwiriyo akuti guest (ya mkati mwa VM) itha kuwerenga memory ya host (kompyuta yeniyeniyo). Ine ndimadziwa kuti za mu VM zimathera mu VM momwemo. Nanga guest ikafika bwanji ku memory ya host? Ndipo ngati n'kungowerenga chabe osalemba, pali choopsa chenicheni kapena ndi mantha a anthu a chitetezo basi?

fisi_wa_root
Zimitsani 3D. Nkhani yatha.

kalulu404
Sinathe achimwene. Kuzimitsa ndizimitsa, koma ndikufuna ndidziwe chomwe ndikuthawa.

Gogo_Linux
A kalulu404, funso lanu ndi labwino, ndipo yankho lake lili pa momwe 3D imayendera mu VM.

Mukayatsa 3D pa virtio-gpu, khadi ya zithunzi yoyerekeza ya mu QEMU, guest sipatsidwa GPU (chipangizo chojambulira zithunzi) yeniyeni ayi. Chimachitika n'chakuti mkati mwa guest muli driver ya Mesa yotchedwa virgl. Pulogalamu ikapempha kujambula chinthu ndi OpenGL, driver imeneyi imasandutsa pempholo kukhala mndandanda wa malamulo: panga texture ya kukula kwakuti, koperamo ma byte awa, yendetsa shader iyi. Malamulowo amadutsa mu kernel ya guest, n'kuwolokera kwa QEMU. Kumeneko ndiye amalandiridwa ndi virglrenderer, library yolembedwa mu C, yomwe imawawerenga limodzilimodzi n'kuwasandutsanso OpenGL ya pa host kuti GPU yanu ijambule. Ntchitoyi anaiyambitsa Dave Airlie wa ku Red Hat, ndipo inalowa mu QEMU 2.5 ndi Linux 4.4.

Mfundo yaikulu ndi iyi: virglrenderer imayenda pa host, ndipo mwa kakonzedwe kamene ambiri tili nako, imayenda mkati mwa process ya QEMU. Koma zomwe imawerenga zalembedwa ndi guest. Guest yakhalidwe imatumiza manambala olondola. Guest yomwe yalandidwa ndi munthu woipa itha kunena kuti texture ndi yaing'ono, kenako n'kulamula kuti mukoperedwe zinthu zambiri kuposa malo ake. Ngati pali mzere umodzi wokha pomwe wolemba pulogalamu anaiwala kuyerekeza manambala awiriwo, zotsalazo zimatayikira pa memory yoyandikana nayo. CVE-2022-0135 ndi ya mtundu umenewu, kulemba kunja kwa malire.

CVE-2022-0175 ndi yosiyana. Guest ikapempha malo osungira zinthu ku host, virglrenderer imatenga memory n'kuipereka isanaipukute. Mu C, malloc imakupatsa malo mmene alili, ndi zonse zomwe zinalembedwapo kale. Zili ngati kulowa m'kalasi n'kupeza bolodi lisanafufutidwe: simunabe kanthu, simunathyole chitseko, koma zomwe amaphunzira anzanu mwaziwerenga. Kukonza kwake kunali kophweka, kuika ziro paliponse memory isanaperekedwe.

mbewa_ya_usb
Pepani agogo, ndine watsopano pa zimenezi. Ndiye kuti guest itha kuona password yomwe ndalemba mu browser ya pa host?

Gogo_Linux
Ayi, osati kudzera pa bowo limeneli. Kernel ya Linux ikamapereka memory yatsopano kwa process, imayamba yaipukuta. Zotsalira zomwe tikunena pano ndi za process ya QEMU yomweyo, zinthu zomwe inagwiritsa ntchito n'kuzisiya. Browser yanu ili ndi memory yakeyake.

chiphaliwali
Mwamva nonse? Ndiye phokoso lonseli ndi la chiyani? Guest ikuwerenga zinyalala za QEMU yake yomwe. Komanso ma CVE ake ndi a 2022, anakonzedwa kalekale. Anthu a chitetezo amakonda kuopseza kuti aoneke ofunika.

namzeze
A chiphaliwali, mu zinyalala mmenemo ndi momwe muli chuma.

Makompyuta a masiku ano ali ndi ASLR. Pulogalamu ikamayamba, ma library ake ndi heap yake (komwe malloc imatengako memory) zimaikidwa pa ma adiresi osinthasintha, kuti ngakhale wina apeze njira yolembera kunja kwa malire, asadziwe pomwe akulemba kapena koti alumphire. Akangolemba mwachimbulimbuli, QEMU imagwa, VM n'kuzima. N'zokwiyitsa, koma sanatuluke.

Tsopano mumpatse njira yowerengera memory yosapukuta. Mu heap ya pulogalamu ya C mumadzaza ma pointer, omwe ndi ma adiresi a mu memory. Akapeza imodzi yokha yoloza mkati mwa library yodziwika, amachotsera mtunda wake n'kudziwa pomwe library yonseyo yakhala. ASLR yatha pamenepo. Kuwerenga kumamuuza koponya, kulemba kumaponya. N'chifukwa chake ma CVE awiri omwe a kalulu404 atchula ndimawaona ngati chinthu chimodzi. Sindikunena kuti kuwalumikiza n'kosavuta, koma umu ndi momwe anthu amatulukira mu VM. Pa mpikisano wa Pwn2Own wa 2017, gulu la 360 Security linayambira pa tsamba la intaneti mu Microsoft Edge, n'kulanda kernel ya Windows ya mu guest, n'kutuluka mu VMware Workstation mpaka pa host. Sitepe yomaliza inadalira buffer yosapukuta. Analandira madola 105,000.

Ndipo musaiwale kuti mu process ya QEMU mumadutsanso zinthu zina. Ngati fayilo ya disiki ya VM ndi yotsekedwa ndi LUKS kudzera mu QEMU, QEMU ndi yomwe imagwira kiyi. Password ya VNC kapena SPICE nayo imakhala momwemo. Sindikuti zimenezi zidzapezeka pa malo omwe guest yapatsidwa, koma sindingafune kuti zidalire mwayi.

chiphaliwali
Pwn2Own ndi akatswiri omwe amakonzekera miyezi. Vayirasi wa mu PDF ya pa imelo sangataye nthawi pa zimenezo. Ambiri akangozindikira kuti ali mu VM amangokhala duu osachita kanthu kuti asagwidwe.

namzeze
Pamenepo sindikutsutsani. Ambiri amaterodi. Koma a kalulu404 apanga VM ya dala yoikamo zinthu zoipa. Munthu wotero safunsa kuti ambiri amatani, amafunsa kuti woipitsitsa angatani, makamaka pamene mtengo wodzitetezera ndi kuchotsa chizindikiro chimodzi mu virt-manager.

fisi_wa_root
Zomwe ndinanena poyamba paja.

mlonda_wa_seva
Ndiwonjezere pa nkhani ya "anakonza kalekale". Inde anakonza. Koma yang'anani mzere wake:

Mu 2009 Kostya Kortchinsky anaonetsa Cloudburst pa Black Hat, kutuluka mu VMware kudzera pa khadi ya zithunzi ya SVGA. Mu 2014 a Core Security anapeza mabowo mu 3D ya VirtualBox, CVE-2014-0981 ndi CVE-2014-0983, m'gawo lomwe linkatchedwa Chromium, losagwirizana ndi browser ija. Gawo limenelo linavutitsa mpaka Oracle inalichotseratu mu VirtualBox 6.1. Mu 2017 inali khadi ya Cirrus ya mu QEMU, CVE-2017-2615 ndi CVE-2017-2620, pomwe kukopera kachigawo ka chithunzi kumapitirira malire. Mu 2019 virglrenderer yomweyi, CVE-2019-18389, heap overflow mu function yotchedwa vrend_renderer_transfer_write_iov. Kenako 2022.

Makampani osiyana, anthu osiyana, zaka zosiyana, koma malo ake ndi omwewo. Chifukwa chake n'chodziwika. Zithunzi zimafuna masamu ambiri a m'lifupi, m'litali, kutalika kwa mzere umodzi, mtundu wa pixel, ma mipmap, ndipo manambala onsewa amachokera kwa guest. Muchulukitse awiri aakulu mu integer ya 32 bit, yankho limazungulira n'kukhala laling'ono, cheke n'kudutsa, memory n'kuperekedwa yochepa. Ndipo aliyense amafuna kuti zithamange, ndiye palibe amakonda kuika macheke ambiri pa njira imeneyo.

Choncho update imatseka bowo la dzulo. Kuzimitsa 3D kumachotsa njira yonse, pamodzi ndi mabowo omwe sanapezekebe.

chiphaliwali
Ndi maganizo amenewo tizimitsenso netiweki, USB, sound, zonse. Titsale ndi VM yongoyang'ana.

mlonda_wa_seva
Pa VM yoyesera mavayirasi? Eya, ndithu. Chilichonse chomwe simukuchifuna chichoke. VENOM ya 2015, CVE-2015-3456, inali mu floppy controller ya QEMU. Floppy! Code yake inalipo kuyambira 2004, ndipo palibe amene amaiganizira.

mbewa_ya_usb
Floppy n'chiyani?

Gogo_Linux
Mwandikalambitsa ndi funso limodzi, mwanawe.

dzimbiri_rs
Nonse mukuzungulira pomwe vuto lili poyera. Vuto ndi C. Microsoft inanena mu 2019 kuti pafupifupi 70 peresenti ya ma CVE ake chaka ndi chaka ndi a memory, ndipo a Chromium anapeza chiwerengero chonga chomwecho pa mabowo awo aakulu. M'chilankhulo cha Rust simungawerenge memory yosapukuta popanda kulemba unsafe ndi dzanja lanu, ndipo mukapitirira malire a array pulogalamu imaima m'malo molemba pa za eni. Ma CVE awiri onsewa sakanabadwa n'komwe. Taonani crosvm ya Google, mnzake wa QEMU, yomwe imayendetsa Linux pa Chromebook, yonse ndi Rust.

fisi_wa_root
Wafika uja.

namzeze
A dzimbiri_rs, crosvm ndi Rust zoona, koma ikafuna virgl imaitana virglrenderer yomweyi ya C. Chomwe ndimaitamandira crosvm si chilankhulo chokha. Chipangizo chilichonse imachiika mu process yakeyake, yotsekeredwa ndi minijail ndi seccomp. Wina akalanda gawo la GPU amapezeka ali m'kachipinda kopanda kanthu, sali pakati pa zonse.

dzimbiri_rs
Ndiye ailembenso mu Rust.

Gogo_Linux
Code yake ili poyera pa freedesktop, achimwene, palibe wakuletsani. Koma mukamaliza mudzapeza kuti pansi pake pali driver ya GPU ya host, yomwe ndi C ndi C++, ndipo shader yochokera kwa guest imakafika ndithu kwa compiler ya driver imeneyo. Ngakhale virglrenderer itakhala yopanda banga, mwatsegulabe njira yoti guest iyankhule ndi chimodzi mwa zigawo zazikulu ndi zovuta kwambiri pa kompyuta yanu. Shader yosatha imatha kuumitsa GPU, desktop ya host n'kuuma nayo, popanda bowo lililonse la memory.

Sindikunyoza Rust. Pa code yatsopano yowerenga zochokera kwa mlendo, ndingasankhe yomweyo. Koma a kalulu404 akufuna chochita lero.

nthiwatiwa
Ine zonsezi sizindikhudza. Ndili ndi ma GPU awiri, imodzi ndinaipereka yonse kwa VM ya Windows ndi VFIO, magemu amathamanga ngati pa makina enieni. Palibe virgl, palibe womasulira pakati.

kalulu404
Pa laputopu yanga GPU ndi imodzi, ya Intel. Koma ndifunse, njira imeneyo ndi yotetezeka kuposa virgl?

nthiwatiwa
Kwa ine inde. IOMMU imaletsa khadi kufika pa memory yomwe si ya VM. Pa Intel amati VT-d, pa AMD amati AMD-Vi. Chovuta changa ndi china, magemu ena a anti-cheat akangoona kuti ndi VM amakutulutsa. Alipo wapeza njira?

fisi_wa_root
Njira ndi kugula kompyuta ina.

nthiwatiwa
Mundigulire ndinu.

chiphaliwali
Ena amabisa dzina la hypervisor mu XML ya libvirt, koma mukagwidwa akaunti imatsekedwa. Ine sindingaike akaunti yanga pachiswe chifukwa cha zimenezo.

namzeze
Za magemu mutsegule mutu wina, abale. Koma pa passthrough, kupereka GPU yonse kwa VM kuja, ndinenepo pang'ono, chifukwa a nthiwatiwa anena zoona theka. Mwachotsadi womasulira, ndipo IOMMU imagwira ntchito ngati magulu a zipangizo agawika bwino pa bolodi yanu. Koma mwapereka chipangizo chenicheni, chokhala ndi firmware yake, m'manja mwa guest. Pa Windows yanu ya magemu palibe vuto. Pa VM yomwe mukuyendetsamo vayirasi mwadala, kenako khadi yomweyo n'kuibwezera kwa host, ine sindingachite.

kalulu404
Chabwino, tibwerere kwa ine. Ndidziwa bwanji ngati ndili ndi library yokonzedwa? Nambala ya version yomwe ndikuiona ikuoneka yakale.

mlonda_wa_seva
Nambala ya version isakupusitseni. Debian, Ubuntu LTS, Red Hat ndi ena otere sasintha kupita ku version yatsopano, amangotenga kachigamba kokonza bowolo n'kukamata pa yakale. Nambala yaikulu imakhala yomweyo, chimasintha ndi kachidutswa ka kumapeto. Choti muone ndi changelog. Pa Debian kapena Ubuntu:

apt changelog libvirglrenderer1

Pa Fedora ndi abale ake:

rpm -q --changelog virglrenderer

Mufufuzemo nambala ya CVE. Mukapanda kuipeza musathamangire kuda nkhawa, mwina version yanu inatuluka bowolo litakonzedwa kale. Pamenepo pitani pa security tracker ya distro yanu, lembani CVE, ikuuzani ngati phukusi lanu lili bwino kapena ayi. Distro iliyonse imasankha yokha kuti bowo liti ilikonze msanga, ndiye musaganize kuti poti Ubuntu inakonza ndiye kuti ena onse anakonza tsiku lomwelo.

Tsopano chomwe anthu ambiri amaphonya. Update imasintha fayilo ya pa disiki, koma QEMU yomwe ikuyenda kale imakhalabe ndi library yakale mu memory. Kuchita reboot mkati mwa guest sikuthandiza, chifukwa process ya QEMU ndi yomweyo. Muyenera kuzimitsiratu VM n'kuiyatsanso. Kuntchito kwina komwe ndinagwirako, lipoti limaonetsa kuti makina onse alandira update, aliyense ali mtima m'malo, koma ma VM anali asanazimitsidwepo chiyambire. Papepala zonse zili bwino, mu memory muli zakale zokhazokha. Kuti muone, pezani nambala ya process ya QEMU, kenako:

grep virgl /proc/NAMBALA/maps

Mukaona mawu oti deleted kumapeto kwa mzere, ndiye kuti ikuyendera library yomwe inachotsedwa kale pa disiki. Pa Debian kuli kapulogalamu kotchedwa needrestart komwe kamakukumbutsani zimenezi.

mbewa_ya_usb
Ine ndili ndi VPS (VM ya pa seva ya kampani) yomwe ndimalipira mwezi ndi mwezi. Ndiye kuti mnzanga wa pa seva yomweyo atha kulowa kwanga kudzera pa bowoli?

mlonda_wa_seva
Virgl siyatsidwa yokha. Imafuna chipangizo cha virtio-gpu chokhala ndi GL, komanso host yomwe ili ndi OpenGL. VPS wamba ya webusayiti ilibe zimenezo, imangokhala ndi khadi yosavuta yoonetsera console. Bowo ili limakhudza kwambiri ife a pa desktop. Ndipo ngakhale likanakhalapo, lili mbali ya host, ndiye wokonza ndi mwini seva, inu mulibe chochita mkati mwa VPS yanu.

namzeze
Komwe nkhani ya memory ya GPU imafika kwa anthu ogawana makina ndi monga LeftoverLocals, CVE-2023-4969, yomwe a Trail of Bits analengeza mu Januwale 2024. Pa ma GPU ena a Apple, AMD, Qualcomm ndi Imagination, local memory ya GPU siimapukutidwa pakati pa ntchito ya pulogalamu ina ndi ina, ndipo anaonetsa kuti pulogalamu imodzi itha kumvetsera mayankho a LLM (AI yolemba mawu) ya ina. Si virglrenderer ayi, koma matenda ake ndi omwe agogo afotokoza aja, kupereka malo osapukuta.

chiphaliwali
Chabwino, koma pali chomwe palibe wanena. Kuti munthu atumize malamulo abodza kwa virglrenderer sayenera kukhala root, mwini mphamvu zonse, mu guest? PDF yotsegulidwa ndi user wamba ifika bwanji kumeneko?

namzeze
Funso lolondola, ndipo yankho likusiyana pa bowo ndi bowo. Pa CVE-2022-0175 malongosoledwe ake amatchula kernel ya guest, ndiye woukirayo ayenera kukhala ndi mphamvu mkatimo. Koma malamulo ojambulira amapita kudzera pa /dev/dri/renderD128, ndipo pa desktop zambiri user wamba yemwe walowa ali ndi chilolezo pa fayilo imeneyo, apo ayi mapulogalamu ake sakanajambula 3D. Kernel ya guest siwerenga lamulo lililonse kuti ione ngati ndi lanzeru, imangowolotsa. CVE-2022-0135 imatchula ioctl ya VIRTGPU_EXECBUFFER, yomwe ndi njira imeneyi.

Komanso tinene zoona, mu VM yoyesera ndani amasamala za root? Ambiri password yake ndi 1234, sudo siifunsa kanthu, ndipo kernel yake ili mmene inalili tsiku loika.

kalulu404
Password yanga si 1234.

fisi_wa_root
12345.

Gogo_Linux
Tisaiwale funso lakuti akatuluka amapeza chiyani. Wotuluka mu VM kudzera pa virglrenderer amakhala ndi mphamvu za process ya QEMU, osati za root nthawi yomweyo. Ndiye zimatengera kuti QEMU yanu mumaiyendetsa bwanji.

Mukamaiyatsa ndi dzanja pa terminal, ndi akaunti yanu, wotulukayo ndi inu. Mafayilo anu, makiyi a SSH, ma cookie a browser, zonse ndi zake. Mukaiyatsa ndi sudo chifukwa netiweki imavuta, ndiye mwamupatsa nyumba yonse. Koma mukamadutsira libvirt (yomwe virt-manager imadalira) pa qemu:///system, QEMU imayenda ndi akaunti yakeyake yopanda mphamvu, ndipo sVirt imaimanga ndi SELinux kapena AppArmor kuti izingokhudza disiki ya VM yake yokha. QEMU ilinso ndi -sandbox on, yomwe imaletsa ma system call ena kudzera pa seccomp. Anthu ambiri akaona VM ikukana kuyaka chifukwa cha AppArmor amangothamangira kulemba security_driver none mu qemu.conf poti ndi zomwe anawerenga penapake. Musatero. Konzani chilolezo cha fayilo yomwe ikuvutayo.

Kulinso vhost-user-gpu, yomwe imatulutsa virglrenderer mu QEMU n'kuiika mu process ina. Maganizo ake ndi abwino, ofanana ndi a crosvm aja. Nayo inapezekapo ndi mabowo ake mu 2021, koma bowo la mu process yaing'ono yotsekeredwa silifanana ndi bowo la mu QEMU yomwe yagwira disiki, netiweki ndi memory yonse ya guest.

dzimbiri_rs
Mwaona? Mabowo ena a C.

Gogo_Linux
Taona, achimwene.

kadzidzi_usiku
Ndakhala ndikungowerenga. A kalulu404, musanalimbane ndi GPU, mu VM yanuyo muli shared folder? Clipboard imadutsa? Netiweki yake imaona rauta yanu ndi makina ena a m'nyumba? Chifukwa ngati yankho ndi inde, palibe vayirasi angavutike ndi heap overflow. Angolemba mu foda yomwe mwamutsegulira, kapena kuyesa password ya rauta. Ransomware imatseka chilichonse chomwe ikutha kulembamo, sifunsa kuti fodayo ndi ya host kapena ya guest.

kalulu404
Shared folder ilipo, ndi momwe ndimalowetsera mafayilo. Ndi foda imodzi yokha yopanda kanthu kena. Netiweki ndi NAT.

kadzidzi_usiku
NAT imaletsa akunja kulowa, siletsa guest kutuluka kupita pa makina a pa netiweki yanu. Pangani netiweki ya isolated mu virt-manager, kapena chotsani khadi ya netiweki. Fodayo ikhale read only, kapena ikani mafayilo mu ISO n'kuilumikiza ngati CD. Ndi spice-vdagent muichotse mu guest kuti clipboard isadutse.

chiphaliwali
Apa ndiye tikugwirizana. Izi ndi zoopsa zenizeni. Za 3D zija ndimaonabe kuti n'zokokomeza kwa munthu wamba yemwe amapanga update.

namzeze
Kwa munthu yemwe VM yake ndi yoyesera distro yatsopano kapena kulembera code yake, ndikuvomereza, asiye 3D yoyaka, azipanga update. Zomwe zili mkatimo anaziika yekha. Kwa a kalulu404 ayi. Anthu a Qubes OS, omwe ntchito yawo yonse ndi kulekanitsa zinthu ndi ma VM, anasankha dala kuti ma VM a mapulogalamu asapatsidwe GPU, zonse zizijambulidwa ndi CPU. Amadziwa kuti makanema amavuta, ogwiritsa ntchito amadandaula, koma anaona kuti mtengo wa njira inayo ndi waukulu.

nthiwatiwa
N'chifukwa chake sindidzaika Qubes.

fisi_wa_root
Walira mvula walira matope.

mlonda_wa_seva
Pali phindu lina lozimitsa lomwe silikhudza chitetezo mwachindunji. Virgl ikayaka, QEMU imakana kusunga mkhalidwe wa VM yomwe ikuyenda, chifukwa gawo lina la mkhalidwewo lili mu GPU ya host. Ndiye snapshot yokhala ndi memory siitheka, migration siitheka. Kwa woyesera mavayirasi snapshot ndiye chida chachikulu: mwatsegula fayilo, mwaona zomwe yachita, mwabwerera pomwe munali. Mukazimitsa 3D mupeza zimenezo.

kalulu404
Ndachita izi: mu virt-manager, pa Video Virtio ndachotsa chizindikiro cha 3D acceleration, pa Display Spice ndachotsa OpenGL. Ndazimitsiratu VM n'kuiyatsanso. Mkati mwa guest ndalemba glxinfo, pa mzere wa OpenGL renderer pomwe pamalembedwa virgl tsopano pakulembedwa llvmpipe. Changelog ya distro yanga ili ndi ma CVE onse awiri. Netiweki ndaika isolated, foda ndachotsa.

Koma GNOME ikukwawa koopsa. Kusuntha windo kokha CPU ikulira.

Gogo_Linux
llvmpipe ndiye kuti CPU ikugwira ntchito ya GPU, ndipo GNOME Shell imajambula chilichonse ndi OpenGL. Ikani Xfce kapena LXQt mu guest, muzimitse compositor. Muonjezerenso ma core awiri ngati laputopu ikulola, llvmpipe imagawa ntchito pa ma core onse omwe yapatsidwa.

mbewa_ya_usb
Nanga ine wa VirtualBox? Palinso chizindikiro chonga chimenecho?

kadzidzi_usiku
Chilipo. Settings, Display, Enable 3D Acceleration. VM ikhale yozima kaye, apo ayi sichilola kusintha. Code yake ndi ina, si virglrenderer, koma mfundo yake ndi yomweyo. Shared Clipboard ndi Drag and Drop zili pa General.

dzimbiri_rs
Nanga Venus, mnzake wa virgl wogwiritsa ntchito Vulkan m'malo mwa OpenGL? Imamasulira zochepa kuposa virgl, mwina mabowo ndi ochepa.

namzeze
Imamasulira zochepa chifukwa imapereka malamulo a Vulkan pafupifupi mmene alili kwa driver ya host, ndipo ma driver a Vulkan anapangidwa mokhulupirira kuti pulogalamu ikutumiza zolondola, safufuza zambiri. N'chifukwa chake virglrenderer ili ndi render server yoti ntchito imeneyo izichitikira mu process yapadera. Ku VM ya a kalulu404 sindingaiyatse nayonso.

kalulu404
Xfce yalowa, compositor ndazimitsa, ikuyenda bwino ndithu. Snapshot nayo yatheka VM ili chiyakire. Chatsala ndi ISO ija, a kadzidzi_usiku, mumaipanga ndi chiyani?

kadzidzi_usiku
genisoimage -o zoyesa.iso -r -J foda_yanu

Ngati distro yanu ilibe genisoimage, xorriso -as mkisofs imalandira zomwezo.